Frances Allen ankatani ndi ma compiler, ndipo wofuna ntchito yotere ayambire pati?

Funso: Ndili m'chaka chachitatu cha maphunziro a sayansi ya makompyuta. Ndinamva kuti Frances Allen ndiye mayi woyamba kulandira mphoto ya Turing, mphoto yaikulu ya sayansi ya makompyuta, ndipo akuti anailandira chifukwa cha ntchito yake pa compiler optimization ndi parallel computing. Ife kosi ya ma compiler tinaiphunzira semesita imodzi yokha, ndipo tinalekezera pa parsing. Kodi mayiyu ankachita chiyani kwenikweni, nanga munthu wa laputopu imodzi ngati ine angayambire pati?

Yankho: Pamene kosi yanu inalekezera m'pamene ntchito ya Allen inayambira. Parsing imangotsimikiza kuti pulogalamu yalembedwa motsatira malamulo a chiyankhulo chake. Ikatha, compiler, yomwe ndi pulogalamu yomasulira code kukhala malangizo a makina, imatsala ndi ntchito yosankha malangizo oti itulutse, ndipo njira zake zimakhala zambirimbiri: zonse zopereka yankho limodzi, koma ina yothamanga kwambiri kuposa inzake. Allen anakhala ku IBM zaka 45 akulimbana ndi funso ili: kodi compiler ingadziwe zotani za pulogalamu isanaiyendetse n'komwe, kuti iisinthe popanda kusokoneza yankho lake? Kusintha kulikonse kumafunika kukwaniritsa zinthu ziwiri, kusaononga tanthauzo la pulogalamu komanso kubweretsa phindu pa liwiro. Choyambacho chimafuna umboni wa masamu. Chachiwiricho chimafuna kuyeza pa makina enieni. Ambiri ongoyamba kumene amadziwa chimodzi n'kunyozera chinacho.

Mbiri yake mwachidule. Anabadwa mu 1932 ku Peru, kamudzi ka m'chigawo cha New York, n'kukulira pafamu ya ng'ombe za mkaka. Anaphunzira masamu ndi uphunzitsi ku Albany, anaphunzitsa pasukulu ya kwawo zaka ziwiri, kenako anakatenga digiri yachiwiri ya masamu ku University of Michigan. Ku IBM analowa mu July 1957 ndi maganizo oti angobweza ngongole ya sukulu, abwerere ku choko. Ntchito yoyamba imene anamupatsa inali yophunzitsa asayansi a kampaniyo chiyankhulo cha FORTRAN, chimene gulu la John Backus linali litangochitulutsa miyezi yochepa m'mbuyomo. Ophunzirawo sankachifuna. Ankakhulupirira kuti palibe pulogalamu imene ingalembe malangizo a makina othamanga ngati olembedwa pamanja. Kuti awayankhe, Allen anachita kuwerenga code ya compiler yeniyeniyo, ndipo chidwi chake chinayambira pamenepo.

Atachoka apo analowa m'gulu lopanga compiler ya Stretch, kompyuta imene IBM inkafuna kuti ithamange kuwirikiza ka 100 kuposa IBM 704, koma siinafikepo, ndi ya Harvest, makina omangidwa pa Stretch omwe bungwe la ukazitape la America la NSA linkagwiritsa ntchito pomasulira mauthenga achinsinsi kuyambira 1962 mpaka 1976. Compiler imeneyo inkalandira ziyankhulo zitatu, FORTRAN, Autocoder ndi Alpha, koma zonse zinkadutsa m'gawo limodzi lokonza liwiro. Mukatsegula LLVM lero, zida zaulere zomangira ma compiler monga Clang, mupeza kamangidwe komweko: ziyankhulo zambiri kutsogolo, mapurosesa ambiri kumbuyo, pakati pali maonekedwe amodzi a pulogalamu otchedwa IR. Kenako kunabwera ACS, kompyuta ina ya liwiro imene sinafike pamsika, ndipo kumeneko anagwira ntchito limodzi ndi John Cocke. Mu 1989 anakhala mayi woyamba kupatsidwa udindo wa IBM Fellow, anapuma ntchito mu 2002, mphoto ya Turing ndi ya 2006, ndipo anamwalira pa 4 August 2020, tsiku lomwe ankakwanitsa zaka 88.

Tsopano ntchito yeniyeniyo. Ma compiler oyambirira anali nazo njira zofulumizitsira code, koma iliyonse inali nzeru yapayokha ya amene anailemba, yovuta kuisamutsira kwina. Zolemba za Allen za 1966 ndi 1970 zinaika nkhani yonse pa graph. Mumadula pulogalamu m'zigawo zotchedwa basic block. Chigawo chotere chimalowedwa pa mzere woyamba pokha n'kutulukidwa pa womaliza pokha, ndiye mzere umodzi ukayenda, yonse iyenda. Chigawo chatsopano chimayamba pamalo atatu: pa mzere woyamba wa function, pa mzere uliwonse umene wina amadumphirapo, ndi pa mzere wotsatana ndi kudumpha. Mukalumikiza zigawozo ndi mivi yosonyeza kumene pulogalamu ingapite, mwapanga control flow graph.

N'chifukwa chiyani graph inali yofunika chonchi? Mapulogalamu a FORTRAN a nthawi imeneyo anali odzaza ndi GOTO. Loop sinkaoneka nthawi zonse pa zolembedwa, inkabisala m'kudumphadumpha. Pajatu nthawi yambiri ya pulogalamu imathera m'ma loop: Donald Knuth atayeza mapulogalamu a FORTRAN mu 1971 anapeza kuti kachigawo kosakwana 4 pa 100 aliwonse ka pulogalamu kamadya nthawi yoposa theka. Allen ndi Cocke anabweretsa interval, chigawo cha graph chokhala ndi khomo limodzi, momwe kuzungulira kulikonse kumadutsa pa khomolo. Mukapinda interval iliyonse kukhala mfundo imodzi n'kubwerezanso, ma loop amkati amatulukira poyamba, akunja pambuyo. Ma compiler a lero amapeza ma loop pogwiritsa ntchito ma dominator (chigawo A ndi dominator wa B ngati njira iliyonse yofika pa B imadutsa pa A), koma funso ndi lomwelo.

Pamwamba pa graph pamabwera data flow analysis. Tiyeni titenge imodzi imene mungalembe nokha sabata ino, yofufuza ma variable amoyo. Variable ndi yamoyo pamalo ena ngati pali njira yochoka pamenepo kukafika pomwe ikuwerengedwa isanalembedwenso. Pa chigawo chilichonse B mumasunga magulu anayi. use ndi ma variable owerengedwa m'chigawocho asanalembedwe. Def ndi olembedwa m'chigawocho. In ndi amoyo polowa. Out ndi amoyo potuluka. Malamulo ndi awiri:

out[B] = kuphatikiza in[S] ya zigawo zonse S zotsatira B
in[B] = use[B] kuphatikiza zotsala mu out[B] mutachotsa def[B]

Mumayamba magulu onse a in ndi out ali opanda kanthu, n'kumabwereza malamulowa pa zigawo zonse mpaka ulendo wathunthu utatha popanda chosintha. Kubwerezaku kumatha ndithu, chifukwa magulu amangokula, sachepa, ndipo ma variable ali ndi malire. Popeza chidziwitso chikuyenda chobwerera m'mbuyo, yenderani zigawo kuyambira kumapeto. Mukayambira kutsogolo yankho lidzakhala lomwelo koma maulendo adzachuluka. Gulu lililonse lisungeni ngati mndandanda wa ma bit, ma variable 64 pa word imodzi, kuti kuphatikiza kukhale OR imodzi. Cholakwa chofala n'kuwerengera use ndi def mosasamala dongosolo la mizere m'kati mwa chigawo. Pa x = x + 1, x akuwerengedwa asanalembedwe, choncho ayenera kulowa mu use. Mukaphonya pamenepo compiler yanu idzafufuta mzere wofunika ikuganiza kuti ndi wakufa.

Cha m'ma 1971 Allen ndi Cocke analemba A Catalogue of Optimizing Transformations, mndandanda wa njira zosinthira code, ndipo zambiri mwa izo zikugwirabe ntchito mukalemba -O2, flag youza compiler kuti ikonze liwiro: kulowetsa thupi la function pamalo poiitana, kufutukula loop, kuphatikiza ma loop awiri, kuwerengeratu masamu odziwika kale, kuchotsa code yakufa, kusawerengera kawiri masamu amodzimodzi, kutulutsa kunja kwa loop zinthu zosasintha, ndi kusintha kuchulukitsa kukhala kuphatikiza. Yomalizayi ndi yosavuta kuiona: m'malo mowerengera adiresi ya a[i] ngati poyambira kuphatikiza i kuchulukitsa ndi 8 ulendo uliwonse, mumasunga adiresi n'kumaonjezerapo 8.

Koma taonani mmene njira yooneka yosalakwa imapwetekera:

for (i = 0; i < n; i++) a[i] = x / y;

x / y sasintha, ndiye mutulutseni kunja kwa loop. Nanga n akakhala 0 ndipo y nayenso 0? Pulogalamu yoyambirira sinkagawa n'komwe, inkadutsa bwinobwino. Yosinthidwayo igawa ndi ziro, ndipo ngati manambalawo ndi ma integer, pa x86 ifera pomwepo. Mankhwala ake n'kuyamba mwafunsa ngati n aposa 0, kugawako kuchitike m'kati mwa funsolo loop isanayambe. Phindu nalo silitsimikizika. Mukatulutsa zinthu zambiri kunja kwa loop, chilichonse chimafuna register (kamalo kosungira nambala m'kati mwa purosesa) yokhalamo nthawi yonse ya loop, pamene x86-64 ili ndi ma register wamba 16 okha, ARM64 ili ndi 31. Akatha, zotsalazo zimatayidwira ku memory n'kumatengedwanso ulendo uliwonse, ndipo code "yokonzedwa" ija imatha kuchedwa kuposa yoyamba. Njira yodziwika yogawira ma register inatulukanso ku IBM komweko, kwa Gregory Chaitin ndi anzake cha m'ma 1981: ma variable awiri amoyo nthawi imodzi amalumikizidwa pa graph, ndipo kugawa ma register kumakhala ngati kupaka mfundo utoto kuti zoyandikana zisafanane. Mukuona kuti ikudalira ma variable amoyo aja.

Gawo la parallel computing si nkhani ina yosiyana; ndi funso lomwe lija litakula. M'zaka za m'ma 1980 Allen anatsogolera PTRAN, compiler yotenga pulogalamu ya FORTRAN yolembedwera purosesa imodzi n'kupeza yokha zigawo zoti ziyendere limodzi pa mapurosesa ambiri. Munda mukhoza kugawana mizere anthu khumi, aliyense n'kumapalira wake, koma khoma silitero, njerwa yapamwamba imadikira yapansi. Compiler iyenera kudziwa kuti loop iyi ndi munda kapena khoma. Mizere iwiri imadalirana ngati ikhudza malo amodzi a memory ndipo umodzi mwa iwo ukulembapo. Kudaliranaku kuli mitundu itatu, ndipo kusiyana kwake n'kofunika.

a[i] = a[i-1] + b[i];

Apa ulendo uliwonse ukuwerenga chimene ulendo wapitawo walemba. Uku n'kudalirana kwenikweni, ndipo kungogawa maulendo kwa ma core anayi kupereka yankho lolakwa.

a[i] = a[i+1] + b[i];

Apa ulendo ukuwerenga malo amene wotsatira adzalembepo. Palibe nambala ikuyenda kuchoka ulendo wina kupita wina. Vuto ndi malo chabe. Mukakopera a kwina n'kumawerenga kumeneko, kudalirana kwatha. Mtundu wachitatu, pomwe mizere iwiri ikulemba pamalo amodzi, nawonso umatha mwa kupereka dzina latsopano. Nzeru yopereka mayina atsopanoyi ikafika pachimake ndi SSA, momwe variable iliyonse imalembedwa kamodzi kokha, ndipo pokumana njira ziwiri pamaikidwa phi yosankha malinga ndi kumene pulogalamu yachokera. SSA inakhwimira ku IBM Research kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, m'manja mwa Ron Cytron, Jeanne Ferrante, Barry Rosen, Mark Wegman ndi Kenneth Zadeck. LLVM inamangidwa pa SSA chiyambire, ndipo GCC, compiler ina yaulere yotchuka, inailowetsa mu version 4.0, mu 2005.

Pa ma array funso limasanduka masamu a manambala athunthu. Pa a[2*i] = a[2*i+1] + 1, kodi alipo ma i ndi j oti 2i afanane ndi 2j + 1? GCD (nambala yaikulu koposa yogawa zonse ziwiri) ya 2 ndi 2 ndiyo 2, ndipo 2 sagawa 1, choncho palibe: kolemba ndi malo a nambala zogawika ndi 2, kowerenga ndi malo a zosagawika, loop ndi yomasuka. Mayeso a GCD amenewa ndi otchipa koma saona malire a loop, n'chifukwa chake pali ena okhwima monga a Utpal Banerjee, wochokera m'gulu la David Kuck ku University of Illinois. Gulu la Ken Kennedy ku Rice University nalonso linachita zambiri pa nkhaniyi. Lamulo la mayeso onsewa ndi limodzi: akalephera kutsimikiza kuti kudalirana kulibe, compiler iyenera kuganiza kuti kulipo.

Apa m'pamene maloto a compiler yogawa yokha ntchito anakumana ndi zokhoma, ndipo ndi bwino mudziwe zifukwa zake, chifukwa kafukufuku wambiri wa lero akuchokera pomwepa. Choyamba ndi a[idx[i]], pomwe malo olembapo amadziwika pulogalamu ikuyenda basi. Chachiwiri ndi ma pointer. Mu FORTRAN, malamulo a chiyankhulo amalola compiler kuganiza kuti ma array awiri operekedwa kwa subroutine sakuphimbana ngati imodzi ikulembedwa. Mu C, pa void f(double *a, double *b), palibe choletsa a ndi b kuloza malo amodzi. Allen ankanena poyera kuti kufala kwa C kunabweza m'mbuyo ntchito ya ma compiler okonza liwiro, ndipo ngakhale simungagwirizane naye pa zonse, pa ma pointer anali ndi mfundo. Liwu la restrict, lomwe linalowa mu C99, ndi lonjezo lanu kwa compiler kuti kuphimbanako kulibe. Mukanama, yankho lolakwa ndi lanu. Chachitatu ndi manambala a floating point. Mu double, kuphatikiza 0.1 ndi 0.2 kenako 0.3 kumapereka 0.6000000000000001, koma kuyamba ndi 0.2 ndi 0.3 kenako 0.1 kumapereka 0.6. Loop yophatikiza manambala miliyoni ikagawidwa panayi, dongosolo la kuphatikiza lasintha, yankho nalo likhoza kusintha pang'ono. N'chifukwa chake GCC ndi Clang sizisintha dongosolo la kuphatikiza mu loop yotere pokhapokha mutaziloleza ndi -ffast-math kapena zofanana nayo, ndipo chilolezo chimenecho chimabwera ndi zina zimene mwina simukuzifuna, monga kuganiza kuti NaN, chizindikiro cha yankho losakhala nambala, kulibe.

Ngakhale kudalirana kulibe, phindu lili ndi denga. Lamulo la Gene Amdahl la 1967 likuti ngati gawo limodzi mwa magawo 10 a nthawi silingagawidwe, ma core 8 akupatsani liwiro lowirikiza pafupifupi 4.7, ma core 64 pafupifupi 8.8, ndipo simudzapitirira 10 ngakhale muonjezere angati. Pali msampha winanso umene suoneka pa code. Cache, memory yaing'ono yothamanga ya m'purosesa, imasuntha zinthu m'mizere ya ma byte 64 pa mapurosesa ambiri. Ma thread anayi akamalemba pa count[0], count[1], count[2] ndi count[3], palibe akukhudza malo a mnzake, koma onse ali pa mzere umodzi wa cache, ndipo mzerewo umangokhalira kulandidwa kuchoka core ina kupita ina. Pulogalamu ya ma thread anayi imatha kuchedwa kuposa ya imodzi. Konzani popatsa thread iliyonse variable yakeyake n'kuphatikiza kumapeto, kapena potalikitsa manambalawo ma byte 64.

Zotsatira zake n'zakuti ntchito inagawidwa pakati pa munthu ndi compiler. MPI ya 1994 ndi OpenMP ya 1997, njira zolembera mapulogalamu a mapurosesa ambiri, zimasiyira munthu kunena pomwe pali ntchito yogawika. Compiler inapambana pa ma vector m'kati mwa core imodzi: ndi AVX2, langizo limodzi limagwira ma float 8 kapena ma double 4, ndipo mayeso osankhira loop yoyenera ndi a kudalirana omwe aja. Liwiro la wotchi ya purosesa litaima pa ma GHz atatu kapena anayi cha m'ma 2005, opanga makina n'kuyamba kuchulukitsa ma core, mafunso a PTRAN anabwerera onse. Ma compiler a machine learning monga XLA, TVM ndi zomangidwa pa MLIR amathera nthawi yawo pa kuphatikiza ma loop ndi kuwadula m'timabwalo tokwana mu cache, zinthu zimene Allen akanazizindikira pongoyang'ana.

Poyambira inuyo. Laputopu imodzi ikukwana, ndipo zida zonse ndi zaulere. Yambani ndi kuwerenga zimene compiler imatulutsa, musanaganize zolemba yanu. Lembani function ya mizere isanu, muimange ndi gcc -O0 -S kenako gcc -O2 -S, muyerekeze. Compiler Explorer ya Matt Godbolt imachita zomwezi pa intaneti, koma pa makina anu simuononga bandulo. Kenako ifunseni compiler chifukwa chake. Mu GCC, -O3 -fopt-info-vec-missed imakuuzani ma loop amene yalephera kuwasandutsa a vector; mu Clang ndi -Rpass-missed=loop-vectorize pamodzi ndi -Rpass-analysis=loop-vectorize. Yesani ma loop a pamwamba aja, muike restrict, muichotse, muone chikusintha n'chiyani. Mudzapeza kuti nthawi zina compiler imapanga makope awiri a loop n'kuika mayeso a kuphimbana kwa ma pointer pulogalamu ikuyenda.

Yesero limodzi limene limaphunzitsa zambiri ndi kuchulukitsa ma matrix awiri a 1000 kwa 1000 a ma double. Lembani ma loop atatu m'dongosolo la i, j, k, muyeze nthawi, kenako musinthe kukhala i, k, j. Masamu ndi omwewo, koma yachiwiri imathamanga kangapo, chifukwa C imasunga matrix mzere ndi mzere, ndipo dongosolo lachiwiri limayenda motsatana m'memory, kugwiritsa ntchito ma double onse 8 a mzere wa cache, pamene loyamba limadumpha ma byte 8000 ulendo uliwonse n'kutengapo imodzi. Mu FORTRAN n'zotembenuka, chifukwa imasunga motsika. Bwerezani ndi 1024 m'malo mwa 1000: dongosolo loyamba nthawi zambiri limaipiraipira, chifukwa maadiresi otalikirana ndi nambala yochokera pa kuchulukitsa 2 amalimbirana malo amodzi mu cache.

Poyeza samalani, chifukwa apa m'pamene ambiri amadzinamiza. Ngati simugwiritsa ntchito yankho la loop, compiler iifufuta yonse ndipo muona nthawi ya 0, lisindikizeni yankholo. Laputopu ikhale pa magetsi, popeza pa batire purosesa imatsitsa liwiro, ndipo ikatentha imatsitsanso. Yendetsani ka 20 kapena 30, mutaye ulendo woyamba, mutenge nambala yapakati osati yabwino koposa, ndipo mulembe kuti manambalawo akutalikirana bwanji. Pa Linux, taskset imamangirira pulogalamu pa core imodzi, ndipo perf stat imaonetsa malangizo oyendetsedwa ndi kuphonya kwa cache. Kusiyana kwa 2 pa 100 pakati pa maulendo amene okha amasiyana ndi 5 pa 100 si zotsatira, ndi phokoso.

Pambuyo pake lembani optimizer yanu yaing'ono pa IR yosavuta. Kosi ya CS 6120 ya Adrian Sampson ku Cornell ili pa intaneti kwaulere, ndipo imagwiritsa ntchito IR yophunzirira yotchedwa Bril. Dongosolo labwino ndi ili: ma basic block ndi graph, kuchotsa code yakufa, data flow, ma dominator, SSA, kenako kutulutsa zosasintha mu loop. Pa sitepe iliyonse khalani ndi mapulogalamu oyesera makumi angapo, muyerekeze yankho lake musanasinthe ndi mutasintha. Optimizer yothamanga koma yolakwa kamodzi pa 1000 ilibe ntchito, ndipo akatswiri nawonso amagwa pamenepa: chida cha Csmith cha gulu la John Regehr ku University of Utah, chomwe chimapanga mapulogalamu a C mwachisawawa n'kuyerekeza mayankho a ma compiler osiyana, chinali chitapeza zolakwa zoposa 325 pofika 2011, zina mu GCC ndi LLVM.

Mukafika pa LLVM yeniyeni, chopinga choyamba ndi kuimanga. Debug build yathunthu imadya ma GB makumi angapo a disk, ndipo pa makina a 8 GB ya RAM imafera pa linking. Gwiritsani ntchito git clone --depth 1 kuti musatsitse mbiri yonse, Ninja monga chomangira, -DCMAKE_BUILD_TYPE=Release pamodzi ndi -DLLVM_ENABLE_ASSERTIONS=ON, -DLLVM_TARGETS_TO_BUILD=X86 kuti musamange mapurosesa amene simuwafuna, ndi -DLLVM_PARALLEL_LINK_JOBS=1. Zitengabe maola, koma magetsi akazima pakati, Ninja imapitiriza pomwe inalekera. Kenako clang -O1 -S -emit-llvm ikuonetsani IR, ndipo opt -passes= ikulolani kuyendetsa pass imodzi, kutanthauza sitepe imodzi yosinthira IR, payokha. Pa GitHub ya LLVM pali nkhani zolembedwa good first issue ndi missed-optimization. Zambiri zoyambira zili mu pass ya InstCombine, ndipo chida cha Alive2 chimakutsimikizirani ngati kusintha kwanu kukusunga tanthauzo. Patch iliyonse imapita ndi mayeso ake a lit ndi FileCheck, ndipo owunika adzaibweza kangapo, zimenezo n'zachizolowezi. LLVM ndi GCC zakhala zikutenga ophunzira kudzera mu Google Summer of Code, yomwe imachitikira pa intaneti.

Za masamu, limbikirani ma graph, ma partial order ndi ma lattice, linear algebra, ndi pang'ono za integer programming. Kosi ya kamangidwe ka kompyuta musaitenge ngati yongodutsa; pipeline, cache ndi kulosera kwa ma branch ndizo zimagamula ngati kusintha kuli ndi phindu. Pa ACS, compiler ndi makina zinkapangidwa moyang'anizana, ndipo ntchito zambiri za lero ku Intel, AMD, Arm, NVIDIA, Apple ndi Google zili pamalire omwewo.

Allen analibe PhD, koma analowa nthawi imene maphunziro a sayansi ya makompyuta anali asanakhazikike m'mayunivesite. Lero ntchito ya uinjiniya wa ma compiler mungaipeze ndi digiri yoyamba ndi ma patch ooneka, pamene kutsogolera kafukufuku nthawi zambiri kumafuna PhD. Zotsatira za kafukufukuyu zimatuluka kwambiri m'misonkhano, monga PLDI, CGO, PPoPP ndi ASPLOS, kuposa m'magazini a sayansi. Werengani mitu ya mapepala a zaka zitatu zapitazi a misonkhano imeneyi, musankhe asanu okukokani, muone amene anawalemba ali kuti. Polembera mphunzitsi wotero, musayambe ndi kufotokoza chikondi chanu pa makompyuta. Tumizani ulalo wa pulojekiti yanu ya chaka chomaliza yokhala ndi pass imodzi, mapulogalamu amene munayesera, makina ndi ma flag amene munagwiritsa ntchito, tebulo la nthawi, ndi ndime imodzi yofotokoza mapulogalamu awiri kapena atatu amene pass yanu inawachedwetsa ndi chifukwa chake.